Kabatani kamene anatilanda pa njira ya ku Mampang

Mukafuna kuyambanitsa anthu awiri amene anamaliza magawo onse anayi a gemu ya Sorcery!, musataye nthawi ndi nkhani za mpira kapena ndale. Ingowafunsani kuti gawo lachinayi analiona bwanji, kenako mukhale pambali. Wina adzanena kuti ndi pamene nkhani yonse inakhwimira, kuti opanga ake analimba mtima n'kuchita zomwe anzawo amaopa. Winayo adzapukusa mutu n'kunena kuti anamuchenjerera: anamuyendetsa ulendo wautali ndi malamulo ena, atafika pakhomo penipeni n'kumusinthira malamulowo. Onse awiri akunena za kabatani kakang'ono kobwerera m'mbuyo, kamene kanalipo kuyambira 2013 koma mu 2016 kanachotsedwa ulendo uli mkati. Mkanganowu sunazirale mpaka lero. Ine ndili ndi mbali yanga, koma a mbali inayo sindiwaona ngati anthu ongolira chabe.

Kwa amene simunaigwirepo, gemu imeneyi ndi yowerenga. Pa sikirini pamakhala mapu ojambulidwa pamanja ndi kachidole koimira inuyo. Mukakakoka kupita pamudzi kapena pamphambano, pamatuluka ndime ya nkhani, ndiye mumasankha chochita: kupereka moni kapena kusolola lupanga, kulipira malo ogona kapena kugona kutchire, kugula chakudya kapena kuumira ndalama n'kugona ndi njala. Nkhaniyo ndi ya m'Chingelezi, ndipo mukaitsitsa pa foni kamodzi mutha kuisewera popanda bandulo, zomwe kwa ena a ife si nkhani yaing'ono. Ndichenjezeretu kuti m'munsimu ndiulula zina zomwe zimachitika m'magawo onse anayi.

Isanakhale gemu ya pa foni, Sorcery! inali mabuku. Anawalemba Steve Jackson wa ku Britain, uja anayambitsa nawo kampani ya Games Workshop mu 1975 pamodzi ndi Ian Livingstone, osati mnzake wa dzina lomweli wa ku Texas amene amapanganso magemu ndipo anthu amawasokoneza mpaka pano. Mabukuwo anatuluka pakati pa 1983 ndi 1985. Nkhani yake ndi yosavuta kuigwira. Chisoti chachifumu chamatsenga chabedwa ndi mfiti yaikulu ya ku linga la Mampang, ndipo dziko la Analand latuma munthu mmodzi, wapansi, kuti akachitenge. Buku lililonse linagawidwa m'tizigawo ta manambala, ndipo mukasankha chochita mumalumphira pa nambala yomwe mwauzidwa. Loyamba linali ndi tizigawo 456, lomaliza 800. Panalinso matsenga 48, aliwonse ndi dzina la zilembo zitatu: ZAP yoponya mphezi, HOT yoponya moto, DOP yotsegula zitseko, SUS yonunkhiza misampha. Lamulo linali lakuti muwaloweze pamtima musananyamuke, chifukwa m'nkhanimo buku la matsenga silinkaloledwa kutuluka mu Analand. Koma lamulo lina limene pafupifupi aliyense ankaliphwanya ndi lakuti ukasankha wasankha. Owerenga ankasiya chala pa tsamba lomwe achokera, n'kusuzumira kutsogolo. Akapeza kuti kumeneko kuli dzenje la minga, ankabwerera mwakachetechete ngati palibe chachitika.

Kampani yaing'ono ya inkle, yomwe Jon Ingold ndi Joseph Humfrey anaiyambitsa ku Cambridge mu 2011, itatulutsa gawo loyamba pa iPhone ndi iPad mu May 2013, sinalimbane nacho chala chija. Inachisandutsa batani. Paliponse pamene mwadutsa pamatsala chizindikiro pa mapu, ndipo mukachidina mumabwerera pomwepo, zonse zomwe zinachitika pambuyo pake n'kufufutika. Palibe chilango, palibe malire. Kubera kunakhala kololedwa, ndipo kunasintha kaseweredwe ka anthu. Munthu ankalowa m'phanga lomwe akuona kuti ndi loopsa, dala, kuti angoona chomwe chili mkatimo. Ankatukwana mlonda kuti amve mmene ayankhire. Olemba nawonso anamasuka kuika imfa zoseketsa ndi misampha yankhanza podziwa kuti palibe amene atataye maola ake chifukwa cha izo.

Chakumapeto kwa gawo loyamba, m'mapiri a Shamutanti, pali malo amene amaonetsa bwino ntchito ya kabatanika. Munthu wovala zakuda amakutchingirani njira ndi lupanga. Ndi wopha anthu pa ganyu. Ndewu za mu gemuyi zili ndi kachitidwe kakekake: mumakoka kachidole kanu kuti musankhe mphamvu yomwe muponyere, mdani nayenso amasankha yake mobisa, ndipo amene waika yambiri ndiye amalasa mnzake. Koma mukakhuthula mphamvu zonse pa nkhonya imodzi, ulendo wotsatira mumakhala wopanda kanthu. Chinsinsi ndi kuwerenga ziganizo zomwe zikufotokoza mdaniyo, ngati wakweza lupanga kapena wabwerera m'mbuyo akupuma mwawefuwefu. Mukamugonjetsa munthu wakudayu amagwada, ndipo gemu imakufunsani kuti mumumalize kapena mumusiye. Mukamusiya amakuuzani dzina lake, Flanker, n'kulonjeza kuti mukakumana mumzinda wa kutsogolo adzakukumbukirani. Ine pamenepa ndinachita zomwe ambiri amachita. Ndinamupha kuti ndione chomwe chili m'thumba mwake, ndinaona, kenako ndinadina kabatani n'kumukhululukira ndi nkhope ya munthu wachifundo. Gemu inalemba kuti ndine wachifundo, ndipo mbiri imeneyo ndi yomwe ndinapita nayo m'magawo otsatira.

Kupita nayo kumeneku ndiye phata la nkhani yonse ya magawo otsatizana. Mukamaliza gawo limodzi, munthu wanu amasungidwa ndi zonse ali nazo: lupanga, ndalama, chakudya, mano a zilombo omwe amagwira ntchito m'matsenga, abwenzi ndi adani. Gawo lotsatira limayambira pomwepo. Ndiye wosewera safika pa gawo lachiwiri ngati mlendo. Amafika ndi munthu amene wamulera yekha, ndi zizolowezi zomwe gawo loyamba linamuphunzitsa, ndipo amaweruza gawo latsopanolo poona ngati likumukumbukira komanso ngati likumulola kukhala mmene anazolowerera.

Gawo loyamba anthu analikonda, koma dandaulo lake linali limodzi: ndi lalifupi, ndipo njira zake zonse zimangolowera kutsogolo ngati madzi a mumtsinje. Gawo lachiwiri, lomwe linatuluka mu November chaka chomwecho, ndi lomwe osewera ambiri amalitchulabe ndi chimwemwe. Lonse limachitika mumzinda umodzi wa padoko, Kharé, mzinda wa mbava ndi misampha, kumene ngakhale munthu wokupatsani moni amakhala akuyeza kulemera kwa thumba lanu. Kuti mutuluke pa chipata cha kumpoto mufunika mizere inayi ya mawu amatsenga, ndipo mzere uliwonse uli ndi mmodzi wa nduna za mzindawo. Vuto n'lakuti nduna zimenezi zinabalalika. Ina ndi wopemphapempha wakhungu, ina inamwalira kale ndipo muyenera kukaifuna kumanda.

Chomwe chinakometsa Kharé kwambiri, kwa ine, ndi juga ya madayisi yotchedwa Swindlestones, imene m'mabuku munalibe. Aliyense amabisa madayisi ake n'kumanena kuti patebulo ponse pali angati a nambala yakutiyakuti, mnzake n'kukweza, mpaka wina atanena kuti wanama, tiwerenge. Koma pamene mukubetcha mumakhalanso mukucheza. Kubetcha kulikonse kumabwera ndi mpata wofunsa funso, ndipo munthu amene sakanakuuzani kanthu mumsewu amayamba kutayirira pakamwa masewera akakoma. Mumapezeka mukutalikitsa dala masewera omwe mukanapambana kale, chifukwa mnzanuyo wangoyamba kumene kunena za kumene nduna ina inabisala. Sindinaonepo gemu ina yomwe inalumikiza juga ndi kufufuza nkhani mwaluso chotere.

Odandaula analipo ndithu. Zinali zosavuta kufika pa chipata ndi mizere iwiri kapena itatu yokha, chifukwa misewu ya mzindawo nayonso imakukankhirani kutsogolo. Apa olemba anachita chinthu chomwe panthawiyo chinkaoneka ngati kungothandiza wosewera. Wamatsenga wina wa mzindawo, Lorag, amatha kukubwezani m'mbuyo mu nthawi kuti mukayendenso misewu yomwe munailumpha, mizere yomwe mwapeza kale muli nayobe m'mutu. Ena anatopa nako kuzungulira kumeneku. Koma taonani chomwe chinachitika: kubwerera m'mbuyo, komwe kunali batani la kunja kwa nkhani, kunalowa mkati mwa nkhaniyo. Munthu wa m'nkhani ndiye anayamba kukubwezani, ndipo munthu wanu ankakumbukira.

Pakati pa gawo lachiwiri ndi lachitatu, inkle inapatuka n'kupanga 80 Days mu 2014, gemu yozungulira dziko lonse yomwe magazini ya Time inaisankha kukhala gemu yopambana ya chaka chimenecho. Atabwerera ku Sorcery! mu April 2015 anabwera ndi mtima wina. Gawo lachitatu linatsegula mapu onse. M'chipululu cha Baklands mumapita kulikonse, kubwerera kulikonse, usana ndi usiku zikusinthana. Ntchito yanu ndi kusaka njoka zisanu ndi ziwiri, akazitape a mfiti ija, zisanakafike ku Mampang kukanena kuti mukubwera. Iliyonse ili ndi pofookera pake, ya moto imaopa mchenga, ya madzi imaopa mafuta, ndipo zimenezi mumazitola kwa anthu a m'njira. Koma chachikulu ndi nsanja zakale zowala. Mukakwera pamwamba n'kutembenuza kuwala kwake, dera lonse lomwe kwawalira limabwerera ku zaka zamakedzana. Pamene panali thanthwe louma pamaoneka udzu, pamene panali chigwembe chosawolokeka pamaoneka mlatho, pamene panali mabwinja pamaoneka mudzi wa anthu amoyo. Mumayendetsa nthawi pa mapu ndi chala chanu.

Apa ndi pamene osewera anayamba kugawikana mooneka. Ambiri amati ili ndiye gawo lopambana onse, ndipo ndikuvomerezana nawo. Ena amati linatambasuka mopitirira, kuti umangoyendayenda m'chipululu osadziwa ngati ukupita patsogolo, kuti Kharé inali ndi fungo ndi phokoso pamene Baklands ndi mphepo yokhayokha. Palinso gulu lina, la anthu osafuna kusiya kanthu m'mbuyo, limene gawoli linawapatsa ntchito yosatha. Iwowa ankafuna njoka zonse zife, m'masiku ochepa, ndi katundu yense ali m'thumba, chifukwa ankadziwa kuti zikawathandiza kutsogolo: mukapha zonse, a ku Mampang sadziwa kuti mukubwera. Anthu amenewa ankadina kabatani kaja kosalekeza, kukonza tsiku lililonse la ulendo mpaka likhale lopanda banga. Ndi omwewa amene gawo lachinayi linawapweteka kwambiri.

Linatuluka mu September 2016. Poyamba zonse zimakhala mwa masiku onse, mukukwera mapiri a High Xamen, kabatani kali pamalo pake. Kenako, mukuyandikira linga, nkhani imakumangirirani ku matsenga otchedwa ZED. Amene anawerenga buku la matsenga lija amawadziwa: ndi omaliza pa mndandanda, ndipo bukulo limangoti amene anawayesapo ndi wamatsenga mmodzi wa kumalo otchedwa Throben, amene sanaonekenso. Kuchokera pamenepo kabatani kamazimiririka. Mukasankha mwasankha. Mukafa, ndipo ku Mampang kufa n'kosavuta, simubwerera pa chiganizo chomwe munalakwitsa. Matsengawo amakuponyani m'mbuyo, kutali ndi pomwe munafera, ndipo muyenera kuyendanso. Zomwe mwaphunzira mumakhala nazo. Koma anthu a mumzindamo sakudziwaninso, zitseko zomwe munatsegula zatsekekanso, ndipo amene munamuthandiza dzulo akuyang'anani ngati sanakuoneni chibadwire.

Madandaulo omwe ndawawerenga kwa osewera anzanga, makamaka pa Steam, tsamba la pa intaneti logulitsirapo magemu a pa kompyuta, si amtundu umodzi, ndipo ndimaona kuti osawamvetsa amawaphatikiza dala kuti awatsutse mosavuta. Loyamba ndi la nthawi. Munthu amene amasewera mphindi makumi awiri asanagone safuna kuthera mphindi zimenezo akuwerenganso ndime zomwe anawerenga dzana. Lachiwiri ndi la chilungamo. Misampha ya Sorcery! inalembedwa ndi mtima wa mabuku a m'ma 1980, pomwe chitseko cha kumanzere chimapha ndipo cha kumanja chimapatsa golide popanda chokuchenjezani. Nkhanza zoterezi zinkaseketsa pamene kabatani kanalipo. Kachotseni, zimasanduka nkhanza zenizeni. Lachitatu ndi lomwe limandikhudza kwambiri: anthu amati gemu inawasandutsa amantha. Kwa magawo atatu inawaphunzitsa kusuzumira paliponse, kugwira chilichonse, kuyankha mwamwano kuti aone. Tsopano, m'malo osangalatsa kuposa onse, m'linga lomwe akhala akulimva kwa zaka zitatu, anayamba kudutsa zitseko osatsegula. Amati anaona zochepa za Mampang kuposa za mudzi uliwonse wa m'mapiri a Shamutanti.

Dandaulo lachitatuli ndi loona, ndipo ndi chifukwa chomwecho ndimaima ndi olemba. Mantha amenewo ndiwo ankasoweka. Kwa magawo atatu aliyense wa m'nkhani ankakuuzani kuti Mampang ndi malo oopsa, kuti palibe amabwerako, koma inu mumadziwa mumtima kuti palibe chingakuchitikireni chomwe chala chimodzi sichingafufute. Munali mlendo woona malo atavala zovala za ngwazi. Anthu osewera bawo pansi pa mtengo amalidziwa bwino lamulo lake: ukatapa m'dzenje n'kuyamba kufesa, dzanja silibwerera, ndipo ukayesa kubweza oonerera ndi amene amayamba kukuwa mnzako asanatsegule pakamwa. Kukoma kwa bawo kuli pa kanthawi kaja munthu ali chete, akuwerenga maenje ndi maso dzanja lili m'mwamba. Kanthawi kotero mu Sorcery! sikanaliko mpaka gawo lachinayi.

Ndimakumbukira mmene zinandisinthira kawerengedwe. Mumzinda wa Mampang mumatha kuvala zovala za ena kuti musadziwike, ndipo alonda akakuimitsani mumayenera kuyankha mogwirizana ndi chomwe mwavala. M'magawo am'mbuyo funso la mlonda ndinkaliyankha ndisanamalize n'kuliwerenga komwe. Apa ndinapezeka ndaika foni pabondo, ndikubwereza chiganizo chake, ndikudzifunsa kuti munthu wovala chonchi angayankhe modzichepetsa kapena mwaukali, ndipo kodi uja ndinacheza naye pamsika sananenepo kanthu za mmene alonda a kuno amachitira. Mawu omwe kale ndinkangowadumpha pofuna kufika pa zosankha anasanduka zida. Mu gemu yowerenga, chinthu chokakamiza munthu kuwerenga mosamala sindingachitche cholakwika.

Komanso amene amati malamulo anasinthidwa mwadzidzidzi sanayang'ane bwino njira yomwe anadutsa. Lorag anakubwezani m'mbuyo ku Kharé. Nsanja za ku Baklands zinakupatsani nthawi m'manja kuti muziitembenuza, ndipo imodzi mwa njoka zija ndi njoka ya nthawi. Magawo onsewa ankakoka pang'onopang'ono mphamvu yobwerera m'mbuyo kuichotsa kwa wosewera wokhala pampando n'kuipereka kwa munthu wa m'nkhani, ndipo chilichonse cholowa m'nkhani chimakhala ndi mtengo wake. ZED ndi mapeto a njira imeneyo. Ngakhale m'buku la 1985 matsenga omwewa ndi okhudza kuyenda mu nthawi, ndipo ndi odula kuposa ena onse. Olemba a inkle sanachite kuwapeka. Anangowatenga n'kuwaika pamalo pomwe panali kabatani.

Pali chinanso chomwe kabatani kankabisa, ndipo nkhani ya Flanker ija imachionetsa. Chifundo changa kwa iye chinali chabodza, chifukwa ndinali nditaona kale mbali zonse ziwiri n'kusankha yopindulitsa. Gemu inapitiriza kumubweretsa, ku Kharé, kenako kutsogolo, mpaka nkhani yake inafika pachimake m'gawo lomaliza, ndipo osewera ambiri amamutchula kuti ndiye munthu amene anawakhalira mumtima pa ulendo wonse. Koma nthawi yoyamba yomwe ndinasankha kanthu pa za iye popanda kusuzumira kaye inali ku Mampang. Pamenepo m'pamene ndinadziwa chomwe munthu wangayo angachite akakhala kuti sakudziwa zotsatira.

Kulanda wosewera chinthu m'gawo lomaliza si kwachilendo m'magemu owerenga. Kampani ya Infocom ya ku America inatulutsa magemu atatu otsatizana a zamatsenga, Enchanter mu 1983, Sorcerer mu 1984 ndi Spellbreaker mu 1985. Lomalizali linali lovuta kuposa anzake, matsenga omwe wosewera anawadalira m'magawo awiri amayamba kulephera, ndipo nkhani imatha matsenga atatheratu m'dzikomo. Wolemba akafika kumapeto amafuna kuti zinthu zilemere, ndipo njira yachidule yolemeretsa ndi kuchotsa chomwe munthu amatsamira. Wosewera naye amafika kumapeto akuyembekezera malipiro a ukapolo wake wonse. Zofuna ziwirizi zimagundana pafupifupi nthawi zonse.

Pa nkhani ya malipiroyi palinso dandaulo lina lomwe limamveka pa gawo lotsatira lililonse la gemu yosankha, kuti zambiri zomwe munthu anatolera sizinagwire ntchito. Wina anasunga kanthu kuchokera m'mapiri a Shamutanti, kudutsa nako Kharé ndi chipululu chonse, n'kufika kumapeto osakagwiritsa. Apa masamu ndi ouma mtima. Zosankha khumi zokha za inde kapena ayi zimabala njira 1,024, ndipo palibe kagulu ka olemba kangalembe mathero osiyana a njira iliyonse. Chomwe amachita ndi kulola nthambi zipatuke pang'ono n'kuzibwezanso ku thunthu, kwinaku gemu ikusunga timfundo tambirimbiri toti isinthire chiganizo apa, moni apo. Chida cholembera chomwe inkle inapanga, chotchedwa ink, chomwe anachitsegulira aliyense kwaulere mu 2016, ntchito yake yaikulu ndi imeneyi. Makampani akuluakulu nawonso anapsa nalo vutoli. Gemu ya Mass Effect 3 itatuluka mu March 2012, osewera anakwiya kuti zosankha za magemu atatu zathera m'mathero ofanana, mpaka kampani ya BioWare inatulutsa mathero owonjezera mu June chaka chomwecho. Poyerekeza ndi zimenezo, Sorcery! inakumbukira zambiri. Jann, kanthu kakang'ono ka mapiko kamene kanakukakamirani m'gawo loyamba n'kumalepheretsa matsenga anu, mumakakapezanso ku Mampang kali m'ndende, ndipo anthu omwe ankakatukwana mu 2013 anamva chisoni.

Pamene ndimasiyana ndi oikira kumbuyo gawo lachinayi mopanda malire ndi pa kubwereza. Ganizo lochotsa kabatani linali labwino, koma chilango chake chinagwera pa chinthu cholakwika. Imfa yoyamba ku Mampang imagwedeza mtima. Yachiwiri imaphunzitsa. Zikapitirira pamenepo, chomwe chimatha si mphamvu za munthu wa m'nkhani ayi, ndi kuleza mtima kwa munthu wogwira foni, amene tsopano akungodina mofulumira kudutsa ndime zomwe waziloweza. Ndiye kuti gemu yomwe inafuna kuti muziwerenga mosamala yayamba kukuphunzitsani kudumpha mawu. Olemba anayesa kufewetsa zimenezi, chifukwa pobwerera mumadziwa njira zachidule ndipo zina zimasintha, koma sizinakwanire. Akanachepetsa imfa zongogwera munthu popanda chenjezo, popeza tsopano imfa ili ndi mtengo. Misampha ya mtundu wa 1985 ndi lamulo la 2016 sizinagwirizane paliponse, ndipo pamene zasemphana wolakwa si wosewera.

Ndaonanso kuti maganizo a munthu pa gawoli amatengera mmene anafikirapo. Amene anayamba mu 2013 anadikira miyezi, mwinanso chaka ndi theka, pakati pa magawo. Pofika ku Mampang anali ataiwala zina, munthu wawo anali ngati m'bale amene wabwera kuchokera kutali, ndipo kusintha kwa malamulo kunabwera ngati mbali ya gemu yatsopano. Koma kuyambira 2016 magemuwa ali pa kompyuta, ndipo mu 2022 anatuluka onse anayi m'phukusi limodzi pa makina osewerera magemu a Nintendo Switch, PlayStation ndi Xbox. Wosewera wa lero amatha kuchoka ku Analand Lolemba n'kufika ku High Xamen Loweruka, chala chake chitazolowera kabatani ngati mmene chinazolowerera kutsegula WhatsApp. Kwa iyeyu si magemu anayi, ndi gemu imodzi yomwe yamulanda chida pamene yatsala pang'ono kutha, ndipo mkwiyo wake umakhala wamoto kuposa wa akale aja.

Mnzanga wina amene ndinamukopa kuti ayambe gemuyi anafika pamenepa posachedwa, ndipo ananditumizira uthenga usiku wofunsa ngati foni yake yawonongeka, poti kabatani sakukaonanso. Nditamuuza kuti ndi mmene anaipangira, anati akanadziwa akanayamba kudziletsa kukadina kuyambira ku Baklands kuti azolowere. Panopa waima kaye kunja kwa linga, akuti akudikira tchuthi chifukwa sakufuna kufa pa tsiku la ntchito.